Mkati mwa Nyumba ya Kanema: Kuunika Zolembedwa pa Mbiri ya Baisikopo ku Chipata ndi Madera Ozungulira

1. Mau Oyamba

Mbiri ya nyumba zoonetseramo kanema yalembedwa kwambiri m'maiko a ku Ulaya ndi ku America. Kawirikawiri olemba a kumeneko amayamba ndi nyumbayo: chaka chimene inamangidwa, mmisiri amene anaikonza, kuchuluka kwa mipando, ndi kukongola kwa denga ndi makatani. Njira imeneyi imapindula kumene nyumba zotere zinali zochuluka ndipo mapepala ake anasungidwa. Tikaibweretsa ku Chipata ndi madera ozungulira, monga Katete, Chadiza, Petauke ndi Lundazi, imatipatsa zochepa zedi, kotero kuti wowerenga angayese kuti anthu a kum'mawa analibe mbiri ya kanema yoti n'kulembedwa.

M'nkhani ino tiunika zimene akatswiri angapo analemba pa za kanema m'dziko la Northern Rhodesia ndi maiko oyandikana nalo, makamaka Powdermaker (1962), Smyth (1983), Kerr (1993), Ambler (2001) ndi Burns (2002). Mfundo yathu ndi yakuti kwa anthu ambiri a kum'mawa, chimene chinkapanga mkati mwa malo oonerako kanema chinali kakhalidwe ka anthu pamalopo ndi mau amene ankalankhulidwa: mau a womasulira ndi mau a oonera. Zolembedwa zimene tili nazo zinasunga zambiri za boma, za makina ndi za mafilimu, koma mau aja anafika kwa ife m'Chingerezi chokha, kapena sanafike konse. Imeneyi ndi ntchito imene yatsalira ife a zilankhulo.

2. Njira Zimene Kanema Anadzera

Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mu 1899, patangopita chaka Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa pa nkhondo ya mu 1898. Ulemu umenewu unatha mu 1911 pamene zigawo ziwiri zinaphatikizidwa ndipo likulu linakhala ku Livingstone. Njanji yochokera kum'mwera inadzera ku Livingstone, Lusaka ndi Broken Hill mpaka ku Ndola, ndipo kum'mawa kunatsala kopanda njanji kufikira mu 2010 pamene inatsegulidwa yochokera ku Mchinji. Izi n'zofunika pa nkhani yathu chifukwa mafilimu a malonda ankayenda pa sitima. Makampani a I. W. Schlesinger a ku Johannesburg, amene anagwira malonda a kanema kum'mwera kwa Africa kuyambira mu 1913, ankatumiza zitini za mafilimu kuchokera tauni ina kupita tauni ina motsata njanji. Tauni yokhala makilomita oposa 500 kuchokera ku Lusaka, kutsidya kwa Luangwa, inali kunja kwa njira imeneyi.

Komabe anthu a kum'mawa sanadikire njanji. Malo ambiri ozungulira Fort Jameson anatengedwa ndi kampani ya North Charterland ndi alimi achizungu a fodya, ndipo msonkho unakakamiza amuna kupita ku Southern Rhodesia, ku Joni, ndipo pambuyo pake ku migodi ya mkuwa. Ku Joni, mmishonale wa ku America, Ray Phillips, anayamba kuonetsa mafilimu m'makomboni a migodi cha m'ma 1920 mothandizidwa ndi eni migodi, ndipo ankadula yekha mbali zimene ankaziona kuti n'zosayenera anthu akuda. Amuna obwerera kumudzi ankabwera ndi njinga, mabulangete ndi masutukesi, komanso ankabwera ndi nkhani za baisikopo. Motero kanema anafika m'midzi yambiri poyamba monga nkhani yosimbidwa pabwalo, zithunzi zisanaoneke.

Njira yachiwiri inali galimoto. Mu 1935 bungwe la amishoni la International Missionary Council, ndi ndalama za Carnegie Corporation, linayambitsa ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, motsogozedwa ndi Leslie Notcutt ndi Geoffrey Latham. Pofika mu 1937 anali atajambula mafilimu 35 ndi kuwaonetsa m'maiko asanu, kuphatikizapo Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Mau ofotokozera ankajambulidwa padera pa mbale za galamafoni, ndipo Chinyanja, Chibemba ndi Chitumbuka zinali m'gulu la zilankhulo zimene anagwiritsa ntchito. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, dipatimenti ya boma yofalitsa nkhani inayendetsa magalimoto a kanema m'maboma. Mu 1948 kunakhazikitsidwa Central African Film Unit ku Salisbury, motsogozedwa ndi Alan Izod, ndipo inagwira ntchito mpaka kutha kwa Chitaganya mu 1963. Imodzi mwa mafilimu ake oyambirira, Zimbani, yokamba za ulimi wa fodya, inajambulidwa ndi Louis Nell m'dera la Petauke. Ufulu utabwera mu 1964, Zambia Information Services inapitiriza kuyendetsa magalimoto otere, ndipo mu 2005 inaphatikizidwa ndi bungwe la boma lotola nkhani n'kukhala ZANIS.

3. Mitundu Inai ya Malo Oonerako

Kuti tione chimene olemba anagwira ndi chimene anasiya, tiyenera kusiyanitsa mitundu inai ya malo.

Mtundu woyamba ndi nyumba yomangidwira kanema yeniyeni. Chitsanzo chodziwika bwino m'Zambia ndi Capitol Theatre ya ku Livingstone, imene banja lachiyuda la a Grill linamanga mu 1931. Ku Lusaka kunali Carlton mu msewu wa Cairo. Nyumba za mtundu umenewu zinkafanana m'zambiri. Pakhomo panali kazenera kogulitsira matikiti. Mkati munali mipando yondandalikidwa m'mizere pa malo otsetserekera kutsogolo, ndi katani yaikulu yophimba chinsalu. Kumbuyo, pamwamba, kunali kachipinda ka makina kokhala ndi timazenera tating'ono. Kachipindaka kankamangidwa molimba chifukwa filimu ya mamilimita 35, kufikira cha m'ma 1950, inali ya mankhwala osachedwa kuyaka. Makina ankakhala awiri, pakuti mkukutu umodzi wa filimu unkatha pafupifupi mphindi 20, ndipo woyendetsa ankayatsa achiwiri pomwe oyamba akutha. Chionetsero chikatha anthu ankaimirira kuimba nyimbo ya fuko ya ku Britain. Malamulo a m'nyumbamo anali awiri: kukhala pa mpando wa mtengo umene walipira, ndi kukhala chete. Kwa zaka zambiri munthu wakuda sankaloledwa kulowa, kufikira mu 1960 pamene lamulo loletsa tsankho m'malo odyera ndi m'nyumba za kanema linayamba kugwira ntchito.

Mtundu wachiwiri ndi bwalo la m'komboni ya mgodi, holo ya boma, ya mishoni kapena ya sukulu. Makina anali a mamilimita 16, opepuka ndiponso a filimu yosayaka msanga. Chinsalu chinali nsalu yoyera kapena khoma lopakidwa laimu, ndipo pokhala panali mabenchi kapena pansi. Holo yomweyo inkachitikiramo dansi, misonkhano ndi mapemphero, motero inalibe chizindikiro chokhazikika cha kanema kupatula usiku wa chionetsero.

Mtundu wachitatu ndi bwalo la m'mudzi limene galimoto ya boma inkasandutsa malo oonerako kwa usiku umodzi. Galimotoyo inkanyamula injini ya magetsi, makina, chinsalu ndi chokuzira mau. Pamenepa panalibe tikiti, khomo kapena denga. Komabe dongosolo linalipo, ndipo linali la bwalo: mfumu ndi nduna zake pa mipando, amuna mbali yao, akazi mbali yao pa mphasa, ana kutsogolo pafumbi. Pa malo otere ndi pamene anthu ochuluka a m'midzi ya kum'mawa anaonera zithunzi zoyenda koyamba.

Mtundu wachinai ndi kanyumba ka vidiyo, kamene kanafala m'misika ndi m'makomboni, monga ku Kapata, makamaka malonda atamasulidwa pambuyo pa 1991. Mkati mwake munali mabenchi a matabwa, wailesi ya kanema yoikidwa pamwamba, ndi masaka otseka mazenera. Panja panali bolodi lolembedwa ndi choko maina a mafilimu a tsikulo, ndi chokuzira mau choitanira odutsa. M'zaka zomwezo nyumba zambiri za mtundu woyamba m'matauni a m'mbali mwa njanji zinatsekedwa, zina n'kusanduka matchalitchi kapena masitolo.

Pa mitundu inai imeneyi, woyamba wokha ndiwo ungalembedwe potsata njerwa ndi mipando. Itatu yotsalayo, imene inafikira anthu ochuluka, mkati mwake munkamangidwa madzulo ndi kuphwasulidwa usiku womwewo.

4. Zimene Olemba Anagwira ndi Zimene Anasiya

Hortense Powdermaker anachita kafukufuku wake ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, ndipo buku lake, Copper Town, linatuluka mu 1962. Ubwino wake waukulu ndi wakuti anazindikira kuti zolankhula za oonera ndi umboni. Anatuma omuthandiza achiafrika kukhala pakati pa anthu pa chionetsero ndi kulemba zimene ankamva. Kuchokera m'menemo tikudziwa kuti oonera ankachenjeza ngwazi ya m'filimu, kuikuwiza pa ndeu, ndi kutsutsana okhaokha pa zimene akuona, ndiponso kuti kauboi aliyense wopambana ankatchedwa Jack. Chofooka chake chili pa chilankhulo. Mau onsewa anasindikizidwa m'Chingerezi. Sitingathe kuona ngati munthu anatchula kauboi ndi mau aulemu kapena achipongwe, ngati anagwiritsa ntchito mwambi kapena mvekero, kapena ngati anasakaniza Chibemba, Chinyanja ndi Chilapalapa cha ku mgodi. Kwa katswiri wa chikhalidwe zimene zinatsalazo n'zokwanira. Kwa katswiri wa chilankhulo, mbali yofunika kwambiri inatayika pomasulira.

Rosaleen Smyth (1983) ndi David Kerr (1993) anaunika mfundo za boma lachitsamunda ndi mafilimu a Central African Film Unit. Iwo anaonetsa bwino momwe mafilimuwo ankamangidwira pa anthu awiri, wanzeru womvera mlangizi wa boma ndi wopusa wokakamira zakale, ndiponso momwe Chitaganya chitayamba mu 1953 ntchitoyo inapendekera ku kutamanda boma, kufikira anthu anayamba kukana magalimoto a kanema m'madera ena a kumpoto kwa Zambezi. Kuunika kwao n'kolimba. Koma kumawerenga filimu monga inachokera ku Salisbury, ngati kuti uthenga umene Izod ndi anzake anaikamo ndi womwewo umene unafika m'makutu a mlimi wa ku Chadiza. Mafilimu oyambirira a bungweli analibe mau. Uthenga unkadutsa m'kamwa mwa munthu woima pambali pa galimoto.

Charles Ambler (2001) anapita patsogolo. Iye anaonetsa kuti bungwe lopima mafilimu oonetsedwa kwa anthu akuda, limene linakhazikitsidwa mu 1937, linkadula mafilimu kotero kuti nkhani yake inkasokonekera, ndipo phokoso la pabwalo ndi Chingerezi cha ku America zinkachititsa kuti mau a m'filimu asamveke. Oonera tsono ankalumikiza okha zidutswazo ndi kupanga tanthauzo lao. Mfundo imeneyi tikugwirizana nayo kwathunthu. Chimene tikuonjeza ndi chakuti kulumikizako kunkachitika ndi zida za chilankhulo chinachake, ndipo zida zimenezo zili ndi maina ndi malamulo amene tingawafotokoze. Ndiponso umboni wa Ambler ndi wa ku migodi ya mkuwa. Mlimi wa kum'mawa amaoneka m'menemo pokhapokha atasanduka wantchito wa pa mgodi.

James Burns, m'buku lake Flickering Shadows (2002), anafufuza za Southern Rhodesia, ndipo anatsutsa mwamphamvu chiphunzitso cha William Sellers wa Colonial Film Unit chakuti Mwafrika wa kumudzi satha kutsata zithunzi zoyenda pokhapokha zitachedwetsedwa ndi kuphweketsedwa. Burns anasonyeza kuti akuluakulu a boma ankamva kuseka kwa oonera ngati umbuli, pamene nthawi zambiri kunali kuweruza. Pa olemba onsewa, iye ndiye anayandikira kwambiri ogwira ntchito achiafrika a m'magalimoto. Ngakhale zili choncho, naye anatsata zimene womasulira ankachita pa ndale, osati zimene ankachita pa chiganizo.

5. Womasulira ndi Oonera

Tiyeni tilingalire ntchito ya womasulira monga aphunzitsi a chilankhulo. Iye ankapatsidwa mau ofotokozera filimu olembedwa m'Chingerezi. Chingerezi chili ndi mlowam'malo mmodzi wa munthu amene ukulankhula naye, pamene Chinyanja chimakakamiza wolankhula kusankha pakati pa iwe ndi inu. Tiyerekeze kuti pa chinsalu pali mlangizi wachinyamata akudzudzula nkhalamba pa kalimidwe kake. Womasulira akati, "Usalime chotere," mlangiziyo wasanduka mwana wamwano pamaso pa mudzi wonse, ndipo phunziro la boma lagwa. Akati, "Pepani bambo, mukadayesa kulima motere," mlangiziyo ndi mwana woleredwa bwino. Chithunzi n'chimodzi, koma anthu awiri osiyana abadwa mwa kusankha mphatikiri mmodzi. Wolemba mau ku Salisbury sankadziwa n'komwe kuti chisankho chotere chilipo.

Chachiwiri ndi kusankha Chinyanja choti alankhule. Chinyanja cholembedwa cha nthawi imeneyo chinali chija cha Buku Lopatulika la mu 1922, chimene anthu ankachimva kutchalitchi ndi kusukulu. Koma galimoto yoyenda kum'mawa inkakumana ndi Chichewa ku Katete ndi Chadiza, Chinsenga ku Petauke, Chingoni cha kwa Mpezeni chimene chili pafupi ndi Chinsenga, Chikunda m'chigwa cha Luangwa, ndi Chitumbuka ku Lundazi. Womasulira wolankhula Chinyanja cha m'buku ankamveka ngati mlaliki kapena mesenjala wa boma. Wotsikira ku chilankhulo cha pamalopo ankasanduka mnzao wa oonera, ndipo nthabwala zake zinkatha kugwera mbali iliyonse.

Chachitatu ndi mivekero. Filimu yopanda mau ilibe kulira kwa khasu kapena kugwa kwa munthu. Wosimba waluso wa Chinyanja sangaone munthu akugwa osanena kuti khu, kapena mbala ikutulukira osanena kuti balamanthu. Mivekero ilibe malo m'mau a Chingerezi amene womasulira ankapatsidwa, choncho paliponse pamene inalowa, inali ntchito yake yekha.

Chachinai ndi kuyankha kwa oonera. Mwana wa kum'mawa amaphunzira msanga kuti nthano siyenda yokha: wosimba akayamba, omvera amavomera kuti tili tonse, ndipo akaleka kuvomera, nthano yafa. Pa mlandu, pa gule ndi pa ulaliki, kukhala duu ndi chizindikiro cha kukana kapena kutopa. Phokoso limene akuluakulu achizungu ankadandaula nalo m'malipoti ao linali kuvomera kwa mtundu umenewu. Anthu anatenga lamulo la bwalo n'kuliika pa chinthu chatsopano, monga momwe a m'nyumba ya Capitol anatengera lamulo la kukhala chete ku nyumba za zisudzo za kwao.

Izi si za kwathu kokha. Ku Japan ofotokozera mafilimu opanda mau, otchedwa benshi, anali otchuka kufikira m'ma 1930, ndipo ntchito yao inalembedwa monga luso palokha. Matthias Krings analemba za omasulira mavidiyo m'Chiswahili ku Dar es Salaam. Kwathu kuno mafilimu a ku China, India, Nigeria ndi America oikidwa mau a Chichewa ndi anyamata a ku Malawi amaoloka malire pa Mwami n'kuoneredwa m'nyumba ndi pa mafoni. Anyamatawa amapatsa anthu a m'filimu maina a kwathu, amaika miyambi, ndipo amalankhula ndi oonera mwachindunji. Iwo ndi adzukulu a womasulira wa pagalimoto, ngakhale kuti sakumudziwa.

6. Umboni wa Mau Obwereka

Pamene mapepala asowa, mau eni ake amasunga mbiri. Chinyanja chili ndi maina angapo a chinthu chimodzi, ndipo lililonse likuloza njira yake.

Baisikopo ndi liwu la ku South Africa, kumene dzina la makina akale linakhala dzina la nyumba ndi chionetsero chomwe. Linabwera ndi amuna a ku migodi, ndipo lero limamveka makamaka m'kamwa mwa okalamba. Kufupika kwa zilankhulo za kumigodi ndi zathu kukuonekanso pa dzina limene Phillips anati anthu a m'makomboni anapatsa Charlie Chaplin, lakuti SiDakwa, limene Mnyanja aliyense angalimve kuti ndi chidakwa.

Kanema ndi liwu loyenera kulisamalira. Likuyamba ndi k, pamene sinema, limene liliponso, likuyamba ndi s. Izi zikugwirizana ndi kalembedwe kakale ka Chingerezi koyamba ndi K, kamene taona m'dzina la ntchito ya Notcutt ndi Latham. Chochititsa chidwi n'chakuti ngakhale liwuli likuoneka ngati la m'gulu la Ka-Ti, silinalowe m'gulumo. Timati kanema wabwino, osati kanema kabwino, ndipo pochulukitsa timati makanema, osati tinema. Lasiyana ndi chipatala, liwu lobwereka limene linalowa m'gulu la Chi-Zi n'kubala zipatala. Kenaka kanema anabala wailesi ya kanema, dzina losonyeza kuti anthu anaona chipangizo chatsopanocho ngati ukwati wa zinthu ziwiri zimene ankazidziwa kale.

Zithunzithunzi ndi liwu lopangidwa ndi eni chilankhulo mwa kubwereza tsinde, ndipo kubwerezako kukupereka ganizo la kuchuluka ndi kutsatizana. Filimu ndi vidiyo ndi a m'mbuyo muno. Brian Larkin (2008) anasonyeza kuti Ahausa a ku Kano ankasiyanitsa kanema wa boma wa pagalimoto, majigi, ndi kanema wa malonda. Funso lakuti kodi okalamba a kum'mawa amasiyanitsa motani baisikopo ndi kanema ndi loyenera kufunsidwa mwa njira yomweyo, boma ndi boma.

7. Mau Omaliza

Olemba amene tawaunika anagwira ntchito yaikulu, ndipo popanda iwo sitikadakhala ndi poyambira. Chofooka chao n'chimodzi: anatsata njanji ndi mapepala a Chingerezi, motero kum'mawa ndi zilankhulo zake zinatsala m'mphepete. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Mbali yotsalayi ndi yathu.

Tikupereka maganizo atatu. Loyamba, munthu amene anali ndi zaka 10 pamene Central African Film Unit inkatsekedwa mu 1963 wapitirira zaka 70 tsopano. Ophunzira athu opita ku kafukufuku wa m'midzi ajambule mau a anthu otere, ndipo zojambulidwazo zilembedwe m'chilankhulo chimene zalankhulidwa, kumasulira kubwere pambuyo. Lachiwiri, mafilimu a bungweli amasungidwa ku National Archives of Zimbabwe ku Harare. Ena mwa opanda mau aja ataonetsedwanso ku Petauke kapena ku Katete, womasulira waluso ataima pambali, tingaone ndi maso athu zisankho zimene tafotokoza m'gawo lachisanu. Lachitatu, aphunzitsi a Chinyanja asanyoze mafilimu omasuliridwa amene ana a sukulu amaonera. Mphindi zisanu za filimu yotere zili ndi mivekero, miyambi, mau aulemu ndi kusakaniza zilankhulo kokwanira phunziro la sabata lathunthu, ndipo ana angaphunzire kuweruza pamene womasulira wakhoza ndi pamene wapotoza.